Malire Atadutsa Pakhomo pa a Pagel

"Pepani kwambiri mayi, koma amuna anu sangaikidwe ku Wendelow," anatero kalaliki, maso ali pa kompyuta.

Irmtraud Pagel anatsitsa chikwama chake patebulo. Mwamuna wake Eckhard anali atamwalira Lolemba, ndipo tsikuli linali Lachitatu. Mayiyu anakwera basi ya m'mawa kubwera ku ofesi ya dera ku Dargenow poganiza kuti angosaina pepala n'kubwerera kukalandira anthu opepesa.

"Mwati bwanji, a Rohde?"

"Nyumba yanu ili tsidya la mtsinje, si choncho? Chaka chatha ataphatikiza madera, malire anatsata mtsinjewo. Nyumba zitatu za tsidyalo zinapita ku mudzi wa Karbin. Tsono lamulo la manda a Wendelow likuti oikidwamo ndi anthu a m'mudzimo basi."

"Eckhard si wa m'mudzimo? Munthu wazimitsa moto m'mudzimo zaka makumi anayi! Bambo ake ali mmenemo, mayi ake ali mmenemo. Mwana wathu woyamba ali mmenemo."

"Ine ndamva, mayi. Koma ku Karbin malo alipo, manda ake osamalika bwino."

"Ku Karbin akudziwako ndani? Ine basi yopita kumeneko ndiziipeza kuti? Kapena maluwa ndiziwatumiza pa positi?"

Detlef Rohde anatambasula manja. Iye sanali munthu woipa, ndipo chimenecho ndicho chinamupsetsa mtima kwambiri Irmtraud. Munthu wamwano umatha kumulalatira. Nanga uyu, wongoti pepani pepani, um'tani?

Nyumba ya a Pagel sinasunthepo chiimangire agogo a Eckhard, koma inali itakhalapo pansi pa maofesi anayi. Eckhard ali mwana, zikalata makolo ake ankadinditsa ku tauni ya kunjanji. Dziko litagawidwa pawiri, boma lakum'mawa linajambula mapu ake. Khoma logawa dzikolo litagwa, midzi isanu inapanga dera lakelake, ofesi n'kukhala m'sukulu yakale ya Wendelow, moti Eckhard ankapitako atavala nsapato za kukhola. Kenaka akuluakulu anati deralo lachepa, likudya ndalama pachabe, ndipo analimeza m'dera la midzi khumi ndi inayi. Kunyumba kunabwera kalata yonena kuti kwa anthu wamba palibe chimene chisinthe. Eckhard anaiwerenga, anaseka, n'kuyatsira moto.

Masana Irmtraud anatsika basi ku Wendelow n'kulunjika kwa mlamu wake Adelheid, mchemwali wa malemuyo. Adelheid atamva sanadikire n'komwe kuti khofi aphitike. Anavala chikhoti, anatenga ndodo yake, ndipo awiriwo anawoloka msewu kupita kwa meya.

Meya wa mudziwo, Gundula Stüwe, anam'peza kuseri kwa nyumba akudyetsa atsekwe. Anali mayi wa zaka makumi asanu, ndipo ali mwana ankadya chakudya chimene Irmtraud ankaphika kukhitchini ya sukulu.

"Mayi Pagel, pepani ndi zovutazi. Ndimati ndifike madzulo ano."

"Usavutike, ndakufikira ndine. Iwe Gundula, ndi zoona kuti Eckhard ndi mlendo m'mudzi muno?"

Gundula anaika chidebe pansi. Anayamba kufotokoza kuti lamulolo silinapangidwire a Pagel. Anthu a mumzinda ogula nyumba zopumulirako ankafuna manda abata a kumudzi, ndipo malo ankatha. Khonsolo ya mudzi inangofuna kuteteza eni ake.

"Eni ake ndiye ati? Si ife?"

"Ndinu, mayi. Kungoti pamene tinkakambirana za malire, za manda palibe anaziganiza. Nkhaniyi ndikaitula ku khonsolo pa tsiku la msonkhano."

"Liti?"

"Pakatha milungu itatu."

Adelheid anamenyetsa ndodo pansi, atsekwe n'kubalalika.

"Milungu itatu! Mchimwene wanga ndi nyama yoti azikhala mufiriji? Tanena zoona, Gundula. Galu wamkota sakandira pachabe, ine nkhaniyi ndikuidziwa. Simunaiwale ayi. A ku Karbin ankasowa anthu owerengeka kuti mudzi wawo usamezedwe, inu munkafuna dambo lija kuti mumangepo bwalo la mpira. Munasinthana. Anthu asanu ndi awiri, kugula nawo bwalo la mpira!"

Irmtraud anatembenuka kuyang'ana mlamu wake. Zimenezi anali asanazimvepo. Kenaka anayang'ana meya, kudikira kuti akane. Gundula sanakane. Nkhope yake inafiira mpaka m'makutu.

"Sizinali choncho ndendende…"

"Zinali bwanji?" anafunsa Irmtraud. Mawu ake anatsika. "Tsiku lotsegulira bwalolo Eckhard anakhala tsiku lonse akuwotcha masoseji, osalandira kanthu. Ine ndinaphika makeke anayi. Munkatiwombera m'manja, chonsecho mukudziwa kuti mwatigulitsa?"

"Ndikhoza kusaina ndekha ngati nkhani yadzidzidzi," anatero Gundula, akupukuta manja pa epuloni. "Koma a ku Dargenow akandikalipira. Akati ndikatsegulira mmodzi, mawa abwera khumi."

"Akakukalipira? Ha! Iwe ukuopa kukalipiridwa, ine ndili ndi maliro m'manja. Chaona mnzako chapita, mwana iwe. Amene anajambula malire dzulo ajambulanso mawa, ndipo tsiku lina adzadutsitsa pakati pa khola la atsekwe akowa."

Gundula analowa m'nyumba. Anatuluka ndi pepala ndi chidindo cha mudzi, ndipo analemba chilolezo cha maliro ali chiimirire, atatsamiritsa pepalalo pawindo. Irmtraud analiwerenga kawiri, analipinda n'kuliika m'chikwama. Sanathokoze.

Eckhard anaikidwa Loweruka pafupi ndi makolo ake. Anzake ozimitsa moto ananyamula bokosi atavala yunifolomu. Mudzi wonse unabwera, ndipo pa khofi wa pambuyo pa maliro aliyense ankati lamulolo n'lopusa, lichotsedwe msanga. Ngakhale makhansala amene analipo ankagwedeza mutu kuvomereza, keke ili m'kamwa.

Patatha mwezi kalata inafika kutsidya. Khonsolo inakumana, inatero kalatayo, ndipo makhansala anayi mwa asanu ndi awiri anakana kusintha lamulo. Chilolezo chija chinali cha malemu yekha. Malo oyandikana ndi manda ake, amene Irmtraud ankafuna kudzaikidwapo, sangasungidwire munthu wosakhala m'mudzimo.

Irmtraud anaiwerenga ataima pakhonde. Kuchokera pamenepo ankaona bwinobwino mitengo ya kumanda, mtunda woyenda mphindi khumi ukadzera pakamlatho. Anakhala masiku awiri osauza munthu. Tsiku lachitatu anapita kwa mlamu wake n'kuponya kalatayo patebulo.

"Anthu odya keke yathu!" anakalipa Adelheid atawerenga. "Ndikuwadziwa anayiwo, ndiwatchule? Tiye tikadandaule kuboma lalikulu."

"Ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi chimodzi, mlamu. Podzafika yankho adzakhala ataphatikizanso madera, ine nditaikidwa kale ku Karbin pakati pa anthu osawadziwa. Kachipinda kako kosokeramo kaja kali ndi windo?"

Adelheid anamuyang'anitsitsa.

"Ukufuna kusiya nyumba? Zaka makumi asanu uli momwemo! Ndiponso iwe ndi ine sitinagwirizanepo ngakhale pa kathiridwe ka mchere mu supu."

"Ndiye tizikangana. Akufuna munthu wa m'mudzi, ndikhala munthu wa m'mudzi. Ndipo msonkhano uliwonse wa khonsolo ndizikakhala mpando wakutsogolo, aziona nkhope yangayi."

"Windo lilipo," anatero Adelheid, "koma silitseguka. Ndipo nkhuku zako usabwere nazo."

Lachisanu lotsatira ozimitsa moto awiri anabwera ndi ngolo. Anapakira bedi, kabati, mabokosi a mbale ndi mpando wa Eckhard. Nkhuku anapatsa oyandikana nawo. Irmtraud anazungulira zipinda zonse, anatseka madzi, anakhoma chitseko n'kuyesa chigwiriro kawiri.

Ngolo inadzera kumsewu waukulu, koma iye anayenda pansi kudzera pakamlatho. Kutsidya anakumana ndi mmodzi mwa makhansala anayi aja akukankha njinga. Bamboyo anavula chipewa.

"Mwaswera bwanji, mayi Pagel? Mwabwera kudzazonda manda?"

"Ndabwera kudzakhala," anayankha Irmtraud osaima. "Ndipo chisankho chikubwerachi ndivotera kuno."