Ng'oma ya Nkhwali pa Chipika

Mervin, namwino wa ku South Bend, ankamufuna Upile, ndipo Amalawi onse a ku Indiana ankadziwa. Loweruka lililonse ankatsuka galimoto, kuvala jekete yatsopano, n'kuthamangira ku Indianapolis, kumene Upile ankakhala. Kumeneko ankawotcha nyama pa maphwando, kuseka mokweza, kuyamba nyimbo kutchalitchi. Koma pa zofunsira, kukamwa kunali gwa. Ankati mwana wa munthu safunsiridwa pamsewu, adikira amalume ake a Alufeyo a ku Lawrence kuti akhale nkhoswe. Amalumewo nawo ntchito inawapana, ankangoti mwezi wamawa.

Mu Epulo Mervin anamva mphekesera yoti Upile akusamuka. Kuntchito sankakhazikika, foni ili m'manja ngati yamera pomwepo.

Upile ankaphunzira za mbalame payunivesite, ndipo m'mawa wina anamutenga kunkhalango ya kummwera kwa mzindawo kukamvetsera nkhwali za kumeneko, zimene azungu amati grouse. Mervin anapita ndi nsapato za kutchalitchi, munthu wamkulumkulu.

Anaimva nkhwali imodzi asanaione: du, du, du, dududu, ngati injini ya chigayo ikamayamba kulira. Kenako anaiona itaima pa chipika, mchira itatambasula, ikuomba mapiko. Upile ananong'ona kuti yamphongo sisaka yaikazi. Imangoimba ng'oma pa chipika chake, yaikazi ikamva imabwera yokha.

Mervin anasangalala, nati mbalameyo ndi yanzeru, ikudziwa mwambo.

"Chaka chachitatu chino ikuomba pamenepo," anatero Upile. "Zazikazi zinatha m'nkhalango muno. Iyo sidziwa. N'chifukwa chake ndiku-mover ku Wisconsin, kumene zidakalipo. Amene andiitana kumeneko akufuna yankho langa mawa."

Mervin anachita manyazi, ndipo anachita mantha. Anayamba za amalume, za mwambo, mawu akupunthwa.

"Ng'oma yanu ndinaimva kalekale, a Mervin. Koma ine si nkhwali. Amalume adzabwera pambuyo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."

Mbalame ija inaombanso, nkhalango yonse n'kuyankha zii. Upile anathimitsa makina ake ojambulira mawu, napinda manja, namuyang'ana.

Apo m'pamene Mervin anazindikira kuti pothawa matope, nayenso anali ataima pa chipika. Anatsika, nsapato zonse ziwiri n'kumira m'thope, nayenda kupita pamene panali Upile.