Nyambo Yotsiriza ya Bambo Ake

Musallam anabwerera ku Mirbat ali ndi zaka makumi asanu, mimba ya muofesi ndi kachitini ka fodya. M'kachitinimo munali nyambo imodzi: nthenga zoyera za tambala ndi ubweya wa mbuzi, zomangidwa pambedza kuti zioneke ngati kansomba ka sadini. Anaimanga ndi malemu bambo ake. Inatsala yokhayo.

Kwa milungu iwiri anayesa kumanga ina yofanana nayo. M'mamawa uliwonse ankakaponya pamiyala ya m'mphepete mwa nyanja. Nsomba zinkabwera, kuilondola pang'ono, n'kutembenuka.

Kale sizinkatero. Bambo ake ankaponya kamodzi, kukoka chingwe modukizadukiza, basi ndodo yapindika. Musallam ankangoonerera, mtima uli pa basi ya ku Muscat. Sanafunsepo kanthu.

Anapita kwa a Bakhit, mnzawo wa malemuwo pausodzi. Anawapeza pakhonde, akumwa khofi wowawa.

"Iyi ndi sadini kapena mkwatibwi?" anafunsa a Bakhit, akutembenuza nyambo yatsopanoyo. "Waiveka ngati ikupita kuukwati."

"Amalume, ndatsatira zonse. Nthenga zinayi, ubweya pamwamba."

"Kunjako watsatira. Nanga m'kati?"

"Ndiye ndabwera kuti mundiuze."

"Ine? Bambo ako akamamanga ankandifulatira. Zaka makumi atatu boti limodzi, mpunga mbale imodzi, koma ichi ayi. Masula yakaleyo, uone."

"Ndikamasula ndiye kuti yatha."

"Isunge, mwana wa m'tauni. Njenjete zidzakumasulira."

Musallam anagwira nyambo yakaleyo nthawi yaitali. Mfundo yake inali yaing'ono, yolimba, yopotokera kumanzere. Bambo ake anali amanzere. Inkanunkhirabe fodya wawo.

Anapempha lezala.

Ulusi unaduka mosavuta. Nthenga zinayoyoka ngati phulusa, mphepo n'kuzimwaza pakhonde. Pambedza panatsala kachidutswa ka mtovu, kophwanyidwa ndi mano. Zipsera za manowo zinkaoneka. Sikanali pansi pomwe aliyense amaika. Kanali pambali.

A Bakhit anayang'anitsitsa, kenako anaseka mpaka kutsokomola.

"Bambo ako anali mbava ya munthu! Sadini yopunduka! Ikamasambira chopendekeka, nsomba yaikulu imati chakudya chosavuta ichi. Ine zaka zonsezi kumanga zathanzi!"

Musallam sanaseke. Anatola mtovuwo, natenga nthenga zatsopano. Anaika mtovuwo pambali pa mbedza. Anamanga katatu, kachitatuko n'kugwira.

Kutacha anapita onse kumiyala, a Bakhit akudandaula za mawondo njira yonse. Madzi anali akubwerera. Musallam anaponya. Anakoka kamodzi, n'kuima. Kawiri, n'kuima. Kansomba ka nthengako kanagona chammbali, kakudzikoka movutika.

M'madzimo, chithunzithunzi chachitali chinatuluka kuseri kwa mwala.

"Usafulumire," ananong'ona a Bakhit. "Usafulumire, iwe!"

Chingwe chinathamanga, n'kumuotcha zala.