Manja a Mtengwa

"Avekeni jekete msanga! Galimoto yapatuka kale pa Kamwendo!"

Anali a Felix, mlangizi wa zaumoyo, akufuula asanatsike n'komwe pa njinga. Tsikulo kunkabwera namwino wamkulu wotumidwa ndi boma kudzaona ngati ntchito yosamalira odwala kunyumba ikuyendadi m'midzi ya ku Kapondo. A Felix anali atalawirira kuzungulira makomo onse a odwala, akusesetsa mabwalo ngati kukubwera ukwati.

Dyna anatulutsa jeketeyo n'kupatsira mwamuna wake, Titus. Kenaka Dyna anaima patali. Wodwalayo anali a Eneya, bambo ake a Titus, amene anafa mbali yakumanja miyezi isanu yapitayo, ndipo Dyna anali mtengwa pakhomopo. Titus anawanyamula bambo akewo, n'kuwakhazika pampando pakhonde, n'kuwafunditsa bulangeti m'miyendo. Powakhazika paja a Eneya anatsinzina mwamphamvu n'kuluma mano. Ena onse anali kalikiliki ndi zokonza pakhomo, anaona ndi Dyna yekha.

Boma litayambitsa ntchitoyi linati khomo lililonse la wodwala litumize munthu mmodzi amene amakhala pakhomo kuti akaphunzire. Apongozi ake aakazi a Dyna anamwalira kalekale, mwana wamkazi wa a Eneya anakwatiwa ku Chipata, Titus ankaswera pamsewu ndi njinga yamoto ya kabaza. Ndiye anapita ndi Dyna. Masiku atatu kuchipatala anaphunzira zonse, ndipo mutu anali nawo wogwira: wodwala wogona azitembenuzidwa pa maola awiri alionse, azisambitsidwa thupi lonse, aziumitsidwa bwino, ndipo m'chiuno ndi kumsana muzionedwa tsiku ndi tsiku kuopa zilonda. Anabwerako ndi beseni, sopo ndi bokosi la magolovesi. Koma mwa aphunzitsi onsewo, ndi mabuku awo onse, panalibe amene anafunsa kuti wodwalayo ndi ndani wake. Mtengwa amapatsira apongozi madzi atagwada patali. Ndiye awavule? Awasambitse m'chiuno?

Chilonda Dyna sanachionepo ndi maso, koma ankadziwa kuti chilipo. Zovala ankachapa ndi iye. Sabata zitatu tsopano nsalu yogonera a Eneya inkatuluka ndi banga pamalo amodzimodzi, ndipo bangalo linkakula. Fungo nalonso linali litayamba, lija lakuti sopo salimva. Ankadziwanso, chifukwa anaphunzira, kumene chilonda chotere chimakathera chikasiyidwa.

Dyna anamuuza Titus katatu konse. Yankho linali limodzi: "Unaphunzira ndiwe. Ine ndine wa kabaza, sindine namwino." Ntchito yake inali kuwanyamula bambo ake m'mawa, kuwasiya kubafa ndi beseni, n'kudzawatenga akatha. Mkuluyo ankadzipukuta ndi dzanja limodzi pamene likufika, kumene silikufika n'kusiya. A Felix nawo atauzidwa anangoti, "Pitirizani kuyesetsa, mayi," n'kuchonga m'buku mwawo kuti khomolo layenderedwa.

"Tamverani nonse," anatero a Felix akupukuta thukuta. "Mlendoyu akafunsa, yankho ndi inde. Akapeza kuti kuno zikulephereka, ntchitoyi ayisamutsira kwina, sopo ndi magolovesi omwewa sitidzawaonanso. Mayi Dyna, inu ndi amene munakhoza bwino kumaphunziro kuja. Musatichititse manyazi."

"Ameneyu pakamwa ndi pothwa, akhoza," anaseka Titus.

Dyna sanaseke.

Galimoto inaima pansi pa mtengo wa mango, ndipo munatuluka mayi wamfupi, wa imvi zapatalipatali, atanyamula faelo. Anati dzina lawo ndi a Emelda. Anakana mpando n'kukhala pamkeka, kenaka anawapatsa moni a Eneya.

"Mukupeza bwanji, bambo?"

"Ndikupezako bwino, mayi," anayankha a Eneya, mawu akutuluka mokoka. Munthu wamkulu angayankhe chiyani china kwa mlendo, anthu ali pomwepo? Ngakhale atakhala pamoto akanayankha chimodzimodzi.

A Emelda anatsegula pepala la mafunso. Funso lililonse linali ndi timabokosi tiwiri, ka inde ndi ka ayi. Anatembenukira kwa Dyna, amene anagwada kumapeto kwa khonde.

"Osamalira wodwala ndinu?"

"Inde."

"Munaphunzitsidwa?"

"Inde."

"Magolovesi muli nawo?"

"Ndili nawo." Bokosi linali lodzaza monga analilandirira.

"Mukudziwa kuti wodwala amatembenuzidwa kangati?"

"Pa maola awiri alionse."

"Mukudziwa kusamalira khungu kuti pasabuke chilonda?"

Dyna anafotokoza zonse osaphonya, ndipo a Felix ankangogwedeza mutu, nkhope ili ngwee. Cholembera chinkangoti chonge, chonge, ku mbali ya inde. Chimene chinamuwawa Dyna n'chakuti sananame ngakhale kamodzi. Pepalalo linkafunsa zimene akudziwa ndi zimene ali nazo, koma silinafunse zimene manja ake amachita. Bodza linali kudzilemba lokha, iye akunena zoona zokhazokha.

A Emelda anatseka faelo. "Mwakhoza, mayi. Akanakhala onse ngati inu, bwenzi ntchito yathu ili yopepuka."

Anayamba kudzuka. Dyna anayang'ana apongozi ake. Anali atapendekera kumanzere, dzanja lamoyo litagwira mwendo wa mpando zolimba kuti thupi lisatsamire pamene pankawawapo. Dyna anachita mantha, mantha enieni: kuulula za m'nyumba ya eni ake pamaso pa mlendo, mtengwa amatha kulongedzetsedwa nazo. Koma anaona kuti galimotoyo ikangolira, basi, palibenso wina adzabwere kudzafunsa.

"Mayi," anatero, "pali funso limodzi simunafunse."

A Felix anatsokomola. Titus anamuponyera diso lakuthwa. Dyna anayang'ana pansi, koma mawu sanatsitse.

"Simunafunse ngati ndimawagwira. Awa ndi apongozi anga. Chiphunzirireni, manja angawa sanafikepo pathupi pawo. Sindinawatembenuzepo, sindinawasambitsepo. Ndipo ali ndi chilonda m'chiuno, ndikuchidziwira pa zovala."



"Iwe Dyna, wapenga?" anakalipa Titus. "Za m'nyumba ukuziyala pabwalo?"

"Ndinaziyala m'nyumba katatu, simunazitole."

"Mayi namwino, musadandaule," analowererapo a Felix akuseka kuseka kopanda mano. "Ndi kankhani kakang'ono ka pabanja, tikonza tokha. Pepala lija lisiyeni mmene lilili."

A Emelda anakhalanso pansi. Anawayang'ana a Eneya n'kufunsa mofatsa, "Bambo, mundilola ndikuoneni? Ine ndi namwino, sindine mpongozi wanu."

Mkuluyo anagwedeza mutu kuvomera.

A Emelda anatembenukira kwa Titus. "Achimwene, anyamuleni tilowe. Inuyo musatuluke, muone nawo."

Dyna anatsala panja ndi a Felix. Sanayang'anane. Mkati munamveka nsalu ikufundukulidwa, kenaka mawu a Titus, otsika ngati a munthu amene wamenyedwa pamimba: "Mayo ine, bambo! Osanena bwanji?"

"Ndikananena kwa yani?" anayankha a Eneya. "Iwe umandisiya kubafa njinga ikulira kale."

Panapita nthawi a Emelda asanatuluke. Atatuluka anavula magolovesi n'kusamba m'manja. Anati chilondacho chinali chachikulu ngati chikhatho cha mwana, koma chinali chisanafike pafupa. Anachitsuka n'kuchimanga, ndipo analemba kalata yoti a Eneya akaonedwe kuchipatala Lolemba. Titus anatuluka pambuyo pawo maso ali psuu, n'kukakhala pa njerwa.

"Mwana uyo asadzudzulidwe," anamveka a Eneya kuchokera m'nyumba. "Akanabwera ndi beseni lakelo ndikanamubweza ndine."

A Emelda anatsegulanso faelo. "A Felix, m'dera lanu muli osamalira odwala angati amene anaphunzira?"

"Khumi ndi anayi."

"Mwa amenewo, ndi angati akusamalira apongozi awo aamuna?"

A Felix anayamba kupinda zala, akutchula makomo chamumtima. Nkhope inagwa pang'onopang'ono. "Asanu. Ayi, asanu ndi mmodzi, ndi uja wa kuseri kwa dambo."

"Ndipo onsewo m'buku mwanu ndi inde."

"Bukulo silifunsa zimenezo, mayi."

"N'zoona, ngakhale langali silifunsa. Ndayenda nalo sabata ziwiri, ndikusangalala kuti zonse zili bwino, osadziwa kuti ndikuwerenga mabeseni." Anatembenuza pepala lija n'kuyamba kulemba kumbuyo kwake, kumene kunalibe timabokosi. "Lero sitipitanso kwina. Mundiperekeze makomo asanu otsalawo, ndikawaone odwalawo ndi maso."

"Ndiye ntchitoyi satilanda?" anafunsa a Felix, mawu atachepa.

"Zimenezo sindingakulonjezeni, sindigamula ndine. Ine ndikalemba zimene ndaona, ndipo ndikalemba kuti aphunzitsenso amuna. Koma mukanakonda chiyani, kuti ikhale anthu akuwola mkati mwa majekete?"

A Felix anapita kukadzutsa njinga yawo.

Asanakwere galimoto, a Emelda anamuitana Dyna n'kumusonyeza njira ina. Chitenje cholimba chiziyalidwa mopingasa pansi pa wodwala, kuyambira m'mapewa mpaka m'ntchafu. Pofuna kumutembenuza, munthu amangogwira m'mphepete mwa chitenjecho n'kukoka, wodwala ali chivalire. A Eneya atafunsidwa anati zimenezo alibe nazo mawu, popeza manja agwira nsalu. Koma kusambitsa ndi kutsuka chilonda, m'mawa ndi madzulo, kunafunika mwamuna.

"Ndipo mwamunayo ndi uyo wakhala pa njerwayo," anatero a Emelda mokweza, kuti mwini wake amve.

Kutacha m'mawa, Titus anawanyamula bambo ake monga mwa masiku onse, koma atafika pakhomo anapeza Dyna ataima ndi beseni la madzi ofunda.

"Abwezereni pamphasa. Lero sakupita kubafa."

"Dyna, lero ndi tsiku la msika. Anzanga anyamula kale anthu awiriawiri."

"Anthu a pamsika akwera njinga zina. Awa pano alibe mwana wina."

Titus anapapasa m'thumba, anayang'ana pawindo, anasuzumira pansi pa mpando.

"Kiyi wa njinga ali kuti?"

"Ndamanga pachitenje panga. Mumupeza mukatha."

Titus anatsegula pakamwa kuti akalipe, koma bambo ake, ali m'manja mwake momwemo, anaseka. Kanali koyamba kuseka chidwalireni, kuseka kopotoka kwa mbali imodzi. Titus anausa moyo, anawabwezera m'chipinda, n'kubwera kudzatenga beseni ndi magolovesi.

"Koma ine sindidziwa poyambira," anatero motsitsa, manyazi atamugwira.

"Ndikudziwa ine. Tsekani chitseko."

Dyna anazungulira kuseri kwa nyumba, n'kukaima pafupi ndi windo la chipindacho atafulatira, maso ali kumunda wa fodya wa aneba. Amayi awiri amene ankapita kumjigo anaima n'kumamuyang'ana modabwa. Iye sanawalabadire.

"Mwavala magolovesi?" anafunsa mokweza.

"Ndavala. Akuthina."

"Azolowera. Yambani kumaso, mutsike m'khosi ndi m'khwapa. Pachilonda musafikepo ndi madzi a sopowo, pali ake a mchere m'botolo limene anasiya a Emelda."

Mkati munamveka madzi akuchucha m'beseni. Kenaka kunamveka kubuula.

"Pang'onopang'ono, Titus! Si matayala amenewo."

"Ndamva, ndamva. Tsopano nditani?"

"Apendeketseni kumanzere. Ndiuzeni mmene chilondacho chikuonekera, chofiira kapena chakuda?"

Dyna anagwira khoma, akudikira.

"Chofiira," anayankha Titus. "M'mbali mokha ndi motuwa."

Dyna anapumira m'mwamba, misozi ili m'maso, koma mawu anawalimbitsa.

"Chipola chimenecho. Tengani thonje, muyambe pakati kupita kunja."