Zala Ziwiri za Mphenzi

Mu situdiyo ya zithunzi ija aliyense ankamutchula Mphenzi chifukwa cha liwiro lake pa kompyuta. Anali atatha zaka khumi ndi zinayi akukonza zithunzi za anthu: kuchotsa ziphuphu, kuwalitsa nkhope zodera, kufufuta mlamu woledzera kumbuyo kwa akwati. Dzanja lamanja limakhala pa mausi, lamanzere likuvina pa kiyibodi, kudina mabatani atatu nthawi imodzi osayang'ana n'komwe.

Kenako zala ziwiri zakumapeto za dzanja lamanzerelo zinayamba dzanzi. Poyamba ankati wazigonera. Mwezi utatha, kachala kakang'ono kanasiyiratu kumumvera. Akafuna kudina mabatani awiri pamodzi, limodzi limaphonyeka.

Sanauze munthu. Mayi eni situdiyo anali abwino, koma ankakonda kunena kuti makasitomala amabwerera liwiro la Mphenzi. Nanga liwirolo likatha, iye atsala ndani?

Tsiku lina masana, anzake atapita kukadya, anatsegula pulogalamu yokonzera zithunzi n'kusintha mabatani onse. Ntchito iliyonse yofuna zala zitatu anaipatsa batani limodzi, loti chala cholozera chizifikapo. Mabataniwo atachepa, anayamba kulanda a ntchito zina. Batani lomwe aliyense amadziwa kuti limatulutsa burashi yokonzera chithunzi analisandutsa losunga chithunzi n'kuchitseka. Anavutika sabata imodzi, kenako liwiro linabwerera.

Lachinayi lina anapempha kuti akachotsetse dzino, chikhalirecho akupita kuchipatala kukaonetsa dzanjalo. Adokotala anamubaya chala ndi kasingano, iye osamva kanthu. Anamuuza kuti mtsempha wapanikizika pachigongono, ndipo pafunika opaleshoni.

"Zala zidzabwerera mwakale?" anafunsa Mphenzi.

"Mwina. Mwachedwa nazo, bambo."

Atabwerera ku situdiyo anapeza kuli zii. Mayi eni situdiyo anali chilili pambali pa tebulo lake. Pampando wake panali mnzake wa tebulo lachiwiri, mayi wofatsa yemwe onse ankangomuti achemwali, maso ali psuu.

"Akwati aja anabwera msanga kudzatenga chithunzi chawo chachikulu," anatero mayi eni situdiyo. "Ndinawauza achemwaliwa kuti amalize pa kompyuta yanu. Taonani."

Pachithunzipo, tsaya la mkwatibwi linali lofufutika theka, diso limodzi palibe.

"Ndinalakwitsa pofufuta, ndiye ndimati nditenge burashi ndikonze," achemwali anafotokoza. "Kungodina, chithunzi chatsekeka. Kutsegulanso, chili chonchi, kubwerera m'mbuyo kukukanika. Cha mu kamera chinafufutidwa kale. Achimwene, ndalumbira, sindinakhudze china."

"Zaka zisanu ntchito yomweyi, lero burashi yakusokonezani?" anakalipa mayi aja. "Ndiwauza chiyani eni ukwati?"

Mphenzi anaona kuti akangokhala chete, nkhani ithera pa achemwali. Anayang'ana pansi, dzanja lamanzere lili m'thumba. Mayi aja anali atayamba kale kuwauza achemwali kuti atenge chikwama chawo akapume kaye kunyumba.

"Mayi, asiyeni. Wolakwa ndine."

Anatulutsa dzanja n'kuliika patebulo. Anayesa kufumbata, zala zitatu zinapindika, ziwiri zinangoti njo. Anafotokoza zonse, za mabatani, za dzino labodza, za opaleshoni.

"Miyezi ingati?" anafunsa mayi aja.

"Isanu."

"Miyezi isanu tikudyera limodzi, inu osanena? Mumandiyesa chilombo?"

Achemwali anapukuta maso, koma sanamuyang'ane Mphenzi.

Diso la mkwatibwi Mphenzi analitenga pa chithunzi china cha tsiku la ukwatilo n'kulilumikiza. Zinamutengera maola atatu. Mkwatibwi atabweranso anachiyang'anitsitsa chithunzicho nthawi yaitali, nati, "Koma ngati si ine bwinobwino." Anachitenga, osathokoza.

M'mawa mwake mayi eni situdiyo anamuuza kuti apite ku opaleshoni, mpando wake udikira. Koma anawonjeza kuti wokonza zithunzi zaukwati akhala achemwali kuyambira tsopano, iye azipanga za ziphaso. Mphenzi anavomera ndi mutu. Anakhala pansi, natenga pepala, nayamba kulemba batani lililonse ndi ntchito yake yatsopano. Atamaliza anakalipereka kwa achemwali.

"Ikani pamenepo," anatero achemwali, maso ali pa ntchito yawo.