Diso Lotsala la Veikko

"Tsekani la kumanzere," anatero Dokotala Pulkkinen, kenako anadzigwira pakamwa n'kupepesa. Diso la kumanzerelo linali litafa kale.

Mwamuna wanga Veikko anaseka. Ine sindinaseke.

"Nthenda ya gulukoma yadya mtsempha wa diso lotsalali, wangotsala ngati ulusi," dokotalayo anapitiriza. Anali mayi wachitsikana wosadziwa kuzungulira nkhani. "Mankhwala odontheza agonja. Madzi a m'diso akupanikizabe, tiyenera kuwatsegulira potulukira. Njira ndi ziwiri."

Yoyamba tinkaidziwa bwino. Amaboola kachitseko pa choyera cha diso, madzi n'kumatulukira m'kachithuza kobisika pansi pa chikope. Ndiyo anamuchita Veikko kumanzere kuja, ndipo kwa zaka zambiri ankaona mpaka nyerere. Koma Loweruka lina diso linafiira. Nditati tithamangire kuchipatala, anandiyankha mawu a bambo ake, akuti nthenda imene sawuna yalephera ndi ya kumanda basi. Anakoleza moto m'sawunamo, kanyumba kathu kosambiramo nthunzi, n'kukadzikwapula ndi nthambi m'nthunzi yotentha, kenako n'kudziponya m'nyanja monga ankachitira Loweruka lililonse. Pofika Lolemba diso linali mafinya okhaokha.

"Kachitseko kamatsitsa madzi kwambiri, ndipo kwa ambiri kamatumikira zaka ndi zaka," anatero dokotala. "Koma khungu la kachithuzako n'lopyapyala. Madzi a m'nyanja muwaiwale mpaka kalekale. Njira yachiwiri ndi kapaipi. Kamatayira madzi kumbuyo kwa diso komwe khungu n'lochindikala, tizilombo sitilowako wamba. Kungoti nthawi zambiri sikatsitsa madzi kufika pomwe mtsempha wanuwu ukufuna. Mukhoza kumasambabe, kuwala kukuzima pang'onopang'ono."

"Kapaipi," anatero Veikko, akutola chipewa.

"Adokotala, akanakhala bambo anu mukanasankha chiti?" ndinafunsa.

"Bambo anga sadumphira m'nyanja, mayi. Kaganizeni, mundiimbire Lachisanu."

M'galimoto Veikko sanatsegule pakamwa. Amuna a kwathu kuno ndi otero, chaka chikhoza kutha atangonena kuti khofi wazizira. Ndinapirira mpaka pakhomo, ndipo pamenepo ndinaphulika.

"Iwe Veikko, mutu wako uli bwino? Diso limodzi unalipereka kale kunyanjako, ukufuna ukaperekenso linali?"

"Kapaipi n'opaleshoninso. Wamva wekha."

"Ndamva kuti udzachita khungu mwaulemu, osati mwadzidzidzi! Ndiye ndizidzakutsogolera ine kuchimbudzi, ndi mawondo angawa?"

"Ndinabadwira m'sawuna imeneyo, Sirkka. Mayi anga anandiviika m'nyanjayo ndisanamere mano. Munthu wotuluka m'nthunzi n'kukadzipukuta ndi kansalu ngati mlendo wa kuhotela, ameneyo si ine."

"Ndipo munthu wosaona nkhope ya mkazi wake ndi iwe?"

"Nkhope yakoyo ndinailoweza kale. Siinasinthe, yangokwinyika."

Tsiku lina ndikanamugenda ndi nsapato, tonse n'kuseka. Tsiku limenelo ndinagwada pa kapeti, ine amene sindinagwadirepo munthu, n'kumugwira miyendo ya thalauza. Ndinalira mokuwa ngati pamaliro. Ndinamuuza kuti ndili ndi mantha, kuti sindingathe kuona m'malo mwa anthu awiri. Iye anaima chilili, akuyang'ana kutsogolo. Patapita nthawi ndi pamene ndinazindikira kuti sankandiona n'komwe. Diso lakelo linkangoona ngati posuzumira pa bowo la kiyi, ndipo zapansi zonse zinali mdima.

Masiku otsatirawo tinkadya mbatata ndi nsomba ngati anthu ongokumana m'sitima. Ndinaganiza zobisa nkhuni, zokhoma loko pa sawuna, ngakhale zoimbira dokotala n'kunama kuti wavomera kachitseko. Koma diso linali lake.

Lachisanu m'mawa ndinadzuka pabedi palibe munthu. Pa zenera ndinaona utsi ukufuka pa sawuna. Ndinathamanga osavala nsapato, udzu uli wozizira ngati mpeni.

Ndinamupeza kumapeto kwa kamlatho kathu ka matabwa kolowa m'nyanja, tsitsi likudontha madzi, thupi likufuka nthunzi. Anali atasamba kale. Tsopano anagwada, sipanala ili m'manja, akupapasa ndi zala mabawuti a makwerero otsikira m'madzi, makwerero amene anakhoma yekha chaka chimene tinakwatirana. Ndinaima pambali pake penipeni, koma sanadziwe. Ankalankhula ndi nyanjayo motsitsa mawu, ndipo zimene ankanena sindidzauza munthu.

Thabwa linalira pansi pa phazi langa. Anatembenuza mutu wonse, uku ndi uku, kufunafuna, mpaka diso lija linandipeza. Linakhala pa nkhope yanga nthawi yaitali.

"Wakwinyikadi," anatero. "Ukamuuze mtsikana uja aboole kachitseko kakeko. Koma yamba wagwira apa, bawuti yomaliza sindikuiona."

Ndinagwada, n'kuika chala chake pa bawutiyo. Makwerero anazuka akudontha, ndere zikulendewera, ndipo tinawanyamula awiri kukwera nawo kumtunda, iye kumbuyo, ine kutsogolo.