Migolo Itatu, Wilibala Imodzi

Utsi unkayamba dzuwa likangopendeka. Unkachokera kudzenje lotenthera zinyalala kuseri kwa yunivesite, n'kudumpha mpanda, n'kulowa m'nyumba za antchito. Nyumba yoyamba kuulandira inali ya bambo wina wotola zinyalala pasukulupo. Ophunzira ankangowatchula kuti a Wilibala, chifukwa palibe amene anawaonapo akuyenda chimanjamanja.

Akazi awo ankadwala mphumu. Utsi ukabwera ankatseka mawindo, n'kuika thaulo lonyowa pansi pa chitseko, koma chifuwa chinkalirabe ngati kamwana ka mphaka. Namwino wa pachipatala cha pasukulupo anali atawauza kale kuti mankhwala okha sangathandize ngati utsiwo suleka.

Mwana wawo wamkazi ankaphunzira pa yunivesite yomweyo ndipo ankagonera pakhomo. Iye ndi amene ankatsogolera gulu la ophunzira losamalira chilengedwe, choncho bambo ake ankamunyogodola pomutchula kuti a Tcheya. Gululo linapempha akuluakulu a sukulu kuti dzenje litsekedwe. Akuluakuluwo anati, "Tionetseni kaye kuti zinyalala zingathe kupita kwina. Teremu ino ikatha osaoneka kanthu, moto upitirira."

Ophunzira anapempha migolo yakale kukhitchini, n'kuipaka penti. Pakhomo lililonse la malo ogona anaika itatu: wobiriwira wa zotsala za chakudya, wachikasu wa mapepala ndi makatoni, wofiira wa mabotolo ndi zitini. Anagwirizana ndi kampani ina kuti izibwera ndi lole kudzatenga mapepala ndi mabotolo, kukapangira zinthu zatsopano. Ku ofesi anangouza kapitawo wa otola zinyalala kuti za m'migolo yapenti zizipita kushedi yosungiramo zinthu, osati kudzenje.

Tsiku la lole, a Tcheya anapita kushedi ndi anzawo ali kuseka. Chiyambire ntchitoyo sanapondeko, chifukwa maso awo onse anali pamigolo. Dalaivala atatsegula chitseko cha shediyo anabwerera chafutambuyo, dzanja lili pamphuno.

"Achemwali, ichi ndiye chiyani?"

M'katimo munali mulu umodzi waukulu. Mapepala anali atanyowa ndi msuzi, mabotolo atamatirira makoko a nthochi, ntchentche zili ng'waa.

"Ife tinasiyanitsa," anatero a Tcheya ndi mawu otsika.

"Mwina munasiyanitsa m'maloto," anayankha dalaivala. Kenako anafewetsa mawu. "Tamverani. Pepala likakhudza mafuta kapena msuzi, makina athu salilandira. Botolo likhale lopanda kanthu m'kati. Ndikanyamula izi, abwana andibweza nazo pageti. Ndidzabweranso mwezi wamawa. Ndikadzapeza chonchi, basi, tidzasiyane bwino."

Mulu wonsewo unakathera kudzenje. Moto wa tsiku limenelo unali waukulu kuposa masiku onse, ndipo utsi wake unali wakuda bii chifukwa cha pulasitiki. Madzulo asanafike, a Wilibala anali atakweza akazi awo panjinga, kuthamangira nawo kuchipatala.

Atabwerako, mayiwo anagona pampando akupuma movutikira. A Wilibala anakhala pakhonde, chipewa chili pabondo.

"Anzako aja ndi ana osamva," anauza mwana wawo. "Munthu wafika pa yunivesite koma kutaya zinyalala kukumukanika?"

"Mawa ndikawagwira, ababa. Ndikawajambula pafoni mmodzimmodzi."

M'mawa mwake a Tcheya analawirira. Anafika pakhomo la malo ogona anyamata, kumene ankakukayikira kwambiri, n'kuvundukula migolo. Wachikasu munali mapepala okhaokha, ouma bwino. Wofiira munali mabotolo ndi zitini. Mu wobiriwira munali zotsala za chakudya, kupatula supuni imodzi imene wina anataya mwangozi. Anadabwa. Anakhala pakhonde kuseri kwa chipilala kuti aone chimene chichitike.

Posakhalitsa anamva tayala likulira, ndiponso likhweru limene ankalidziwa kuyambira ali wakhanda. Bambo ake anaimika wilibala. Ananyamula mgolo wachikasu n'kukhuthula. Ananyamula wofiira n'kukhuthulira pomwepo. Pamwamba pa zonse anathira wobiriwira, msuzi n'kuyenderera mpaka pansi. Anakwera ndi jombo n'kupondaponda kuti zikwane bwino. Atatero anatulutsa kasanza m'thumba, n'kupukuta mgolo uliwonse mosamala mpaka penti kuwala.

"Ababa!"

"Ii, a Tcheya! Mwagwira angati?"

"Ndagwira mmodzi."

"Ali kuti? Ndimuone nkhope yake."

Mtsikanayo analoza wilibala. Sanathe kuseka, sanathenso kulira. "Ababa, mitundu ya pentiyi mumaiona ngati ya chiyani?"

"Yokongoletsa, nanga n'chiyani? Ndimati mwina kukubwera alendo. N'chifukwa chake ndimaipukuta tsiku lililonse, kuti mwana wanga asachite manyazi."

"Simunaone kuti umu muli mapepala okha, umu mabotolo okha?"

"Ndinaona. Ndinati ana a chaka chino ndi aukhondo. Koma wilibala ndi imodzi, mwanawe. Kapitawo amafuna migolo yonse ikhale yopanda kanthu belu loyamba lisanalire. Anatiuza kuti tizipita nazo kushedi, ndipo tikupita nazo kushedi. Tonsefe timatero."

A Tcheya anawafotokozera zimene dalaivala ananena. A Wilibala anamvetsera, kenako anakhala pansi pa sitepe pang'onopang'ono.

"Ndiye kuti utsi wa dzulo uja, umene unagwetsa amayi ako, ndinaukankha ndine ndi manja angawa?"

"Si inu nokha, ababa. Uthenga wonse tinautumiza pafoni, pagulu la ophunzira. Inu simuli pagulupo. Ine ndimadya nanu mbale imodzi, koma sindinakhalepo nanu pansi kukuuzani. Ndinkangoti mukudziwa."

"Iwe unkati ndikudziwa, ine ndinkati ndikuthandiza," anatero bamboyo, akuyang'ana jombo zawo.

Masana anafotokozera mayi nkhani yonse. Mayiwo anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye mdani wanga ndimamuphikira ndekha? Wina ndinamubereka, wina ndinakwatiwa naye!" Atapuma anati, "Musakhale apa ngati anamfedwa. Ine sindinafe. Pitani mukaitane anzanu mukambirane."

Msonkhano unachitikira kushedi komweko. Kunabwera ophunzira, otola zinyalala onse, amayi osesa, ophika, kapitawo ndi namwino. A Tcheya anayamba ndi kupepesa chifukwa chosawaitana poyamba. Kenako ananyamula zinthu chimodzichimodzi, n'kumafunsa kuti chipite mgolo uti.

"Nanga pepala lokulungira chakudya, loti lanona ndi mafuta?" anafunsa mayi wina wophika.

"Limenelo silipita ku mapepala. Ling'ambeni, muliponye mu wobiriwira. Likawola limodzi ndi makoko n'kusanduka manyowa."

"Botolo lotsala chakumwa?"

"Khuthulani, tsukuluzani pang'ono, liphwanyeni ndi phazi kuti lisadye malo."

"Kuponda ndiye ntchito ya a Wilibala imeneyo," anatero mnyamata wina, anthu onse n'kuseka, eni ake omwe.

Namwino anaimirira. Anati utsi wa pulasitiki uli ndi poizoni amene amapweteka mapapo, makamaka a ana, okalamba ndi odwala mphumu. Anawonjezera kuti mabatire ndi mababu akutha asaponyedwe mu mgolo uliwonse kapena pamoto, koma azisungidwa m'katoni yakeyake ku ofesi. Otola zinyalala anawalangiza kuti azivala magolovesi ndi kusamba m'manja ndi sopo akaweruka.

Kapitawo anakanda mutu. "Zonsezi ndamva. Koma anthu anga ali ndi wilibala imodziimodzi. Akamayenda maulendo atatu, belu liwapeza panjira, ndipo wokalipiridwa ndine."

Apa panavuta, ndipo anakambirana nthawi yaitali. Wina anati agule mawilibala ena, koma aliyense ankadziwa kuti ku ofesi yankho lichedwa. Pomaliza mayi wophika uja anafunsa, "Kodi pepala louma limanunkha? Botolo limawola? Chofulumira nacho n'chiyani?"

Anagwirizana motere. Mgolo wobiriwira wokha ndi umene uzikhuthulidwa m'mawa uliwonse, n'kupita kumalo opangira manyowa amene ophunzira a zaulimi anakonza. Wachikasu uzitengedwa Lachiwiri, wofiira Lachisanu, uliwonse paulendo wakewake. Shedi anaigawa pakati ndi matabwa. Ophunzira analonjeza kuti azisinthana kupita kushedi kukaona ndi maso, ndipo pa mgolo uliwonse anajambulapo chithunzi cha zoyenera kulowamo, kuti wosadziwa kuwerenga kapena mlendo asasokonezeke. Kapitawo anavomera kukafotokoza ku ofesi kuti mgolo wachikasu ukapezeka ndi mapepala Lolemba, si ulesi.

Sizinayende bwino tsiku limodzi. Ena ankaiwala. Sabata yoyamba a Wilibala anapeza mafupa a nkhuku mu mgolo wa mapepala, ndipo anaima nawo pakhomo la anyamata mpaka mwini wake anatuluka. "Achimwene, nkhuku iyi inalemba mayeso ati kuti ikhale ndi mapepala?" Kuyambira pamenepo anyamatawo ankayang'ana kawiri asanataye kanthu.

Lole itabweranso, dalaivala anatsegula shedi atagwiriratu mphuno. Anachotsa dzanjalo pang'onopang'ono. Mbali ina kunali mapepala ndi makatoni omangidwa bwino ndi chingwe, mbali ina matumba a mabotolo ophwanyidwa. Anasolola pepala limodzi pakati pa mtolo, n'kulinunkhiza.

"Izi ndiye zonyamula. Anyamata, kwezani!"

Teremu isanathe, akuluakulu a sukulu anabwera kudzaona. Zinyalala zopita kudzenje zinali zitachepa kwambiri, moti anavomera kuti zotsalazo zizitengedwa ndi galimoto kupita kumalo ovomerezeka otayirako. Moto unazimitsidwa, dzenje linakwiriridwa, ndipo ophunzira anadzalapo mitengo ndi manyowa awo omwe.

Tsiku lina dzuwa litapendeka, nthawi imene kale utsi unkayamba, a Wilibala akuweruka anapeza mawindo onse a nyumba yawo ali otsegula. Akazi awo anali panja akuyanika zovala, akuimba chapansipansi. Thaulo lija lotsekera pansi pa chitseko linali pachingwe, lochapidwa.

"Limeneli mwalipatsa tchuthi?" anafunsa bamboyo.

"Labwerera ku ntchito yake," anayankha mayiwo. "Kasambeni, muzipukutira."

Kusiyanitsa zinyalala ndi ntchito ya anthu ambiri, ndipo sikuthera pa mgolo. Wotaya, wosesa, wokankha wilibala ndi wonyamula pa lole, onse ayenera kudziwa chimene chikuchitika ndi chifukwa chake. Mukayamba ntchito yotere pasukulu, pamsika kapena pamalo a ntchito, itanani onse kuyambira tsiku loyamba, ndipo tsatirani zinyalalazo mpaka kumene zikuthera. Tisatenthe pulasitiki, pakuti utsi wake umapumidwa ndi anthu a m'nyumba mwathu momwe.