Mahatchi 300 a Galimoto ya Aubrey

Galimoto ya Aubrey inayamba kugogoda pachitunda cha ku Mauwa, kenaka inalavula utsi n'kuzima. Anthu amene anawanyamula, opita kuchinkhoswe ku Mbombwe, anatsika ndi nkhuku zawo n'kukwera makabaza. Aka sikanali koyamba. Mbiri inali itafala kale kuti galimoto ya Aubrey, mkamwini wa kwa a Nabanda, ndi yongokongola, ulendo siimaliza.

Aubrey anakhala zaka zambiri ku Joni akutchetcha kapinga m'makomo mwa anthu. Anzake pobwerera ankabwera ndi malata, ena chigayo. Iye anabwera ndi galimoto yofiira, yonyonyomala ngati bakha, kuti azichita hayala. Injini yake inali ya tabo, kachipangizo kamene kamakankhira mpweya wambiri mu injini kuti izikoka mwamphamvu. Wogulitsa anamuuza kuti anaitchuna pakompyuta mpaka mphamvu yake inafika mahatchi 300, poti mphamvu ya injini amaiyeza poyerekeza ndi ya mahatchi. Aubrey hatchi sanaikwerepo, koma nambala imeneyo ankaitchula ngakhale pamaliro.

Galimoto ikayamba kufooka, iye ankathamangira kwa munthu wina wa laputopu ku Limbe kuti aonjezere mpweya wa tabo. Aubrey mphamvu ankaiyeza ndi khutu. Ikalira kwambiri ndiye kuti yachira, mpaka anadulitsa sailensa, chochepetsa phokoso chija, kuti imveke bwino. Petulo akasowa ankagula wa m'zigubu m'mbali mwa msewu, osadziwa kuti asakanizamo chiyani.

Mkazi wake Thandie za mahatchi analibe nazo ntchito. Iye ankangofuna mwamuna pakhomo. Mwana wawo Fiona anakula akumva mawu a bambo ake pafoni basi, ndipo tsopano Thandie anali ndi pakati pena. Tsiku la chinkhoswe lija Aubrey anafika galimoto ikukokedwa ndi thirakitala, nakhala pakhonde osavula nsapato.

"Amake Fiona, zakanika. Ndibwerera ku Joni mwezi ukatha."

"Ndiye ali m'mimbayu nayenso adzakudziwireni pafoni?" anafunsa Thandie.

Thandie analowa m'nyumba n'kulira, kulira kwa munthu wotopa amene wadikira zaka zambiri pachabe. Anayamba kudana nayo galimoto ija ngati mkazi mnzake.

M'mawa mwake Thandie anapita kwa a Overtone, oyandikana nawo nyumba, amene anakalamba akuyendetsa ndi kukonza maambulansi. Iwo anabwera, nauza Aubrey kuti alize injini. Atamvetsera pang'ono anamuuza kuti azimitse msanga. Anati kugogoda akukumva, koma khutu lawo silingadziwe kuti vuto lafika pati. Ku Blantyre ankadziwako galaja ina yokhala ndi makina otchedwa dayino, oyezera mphamvu yeniyeni ya galimoto. Aubrey anakana poyamba, akuti mphamvu ya galimoto yake akuidziwa kale.

"Amwene, ng'oma yoliritsa sichedwa kusweka," anatero a Overtone. "Tiyeni ikayezedwe isanasweke."

Anapita m'mamawa kusanatenthe, akuyenda pang'onopang'ono. Kugalajako mmisiri anakweza galimoto pa zitsulo zozungulira, naimanga ndi malamba kutsogolo ndi kumbuyo. Anaponda mafuta, matayala n'kumathamanga galimoto ili pamodzimodzi, kompyuta ikuwerenga. Inaonetsa mahatchi 190. Atabwereza injini itatentha, inaonetsa 160, kugogoda kuja n'kuyambanso. Mmisiri anakana kuyesa kachitatu poopa kuipheratu.

Aubrey anakhala pa tayala lakutha n'kugwira mutu. Mtima unamupweteka kwambiri. Anaganiza za dzuwa lonse limene linamuwotcha ku Joni, ndi kugona anthu ambiri m'kachipinda kamodzi, zonsezo kuti agule nambala yapakamwa.

Mmisiri anawafotokozera modekha. Anati mwina wogulitsa uja anakokomeza, mwinanso 300 inaonekadi kamodzi, kunja kukuzizira, ndi petulo wabwino. Komanso pali mphamvu ya pa injini ndi mphamvu yofika kumatayala, ndipo yachiwiriyi imakhala yocheperapo chifukwa ina imathera m'giya. Galimoto ya tabo ikatentha mphamvu imatsika. Kuonjezera mpweya popanda kuyeza, kuphatikiza petulo wosakaniza, kumachititsa kuti mafuta aziphulika nthawi isanakwane, ndipo kumeneko ndiye kugogoda kuja. Anati akanapitiriza, mapisitoni a m'kati mwa injini akanasungunuka. Njira inali imodzi: kuchepetsa mpweya wa tabo.

"Ndiye kuti muichotsenso mphamvu? Yatsala kale yochepa," anadandaula Aubrey.

"Yochepayo ndi imene ikakufikitseni ku Mbombwe ndi kubwerako," anayankha a Overtone.

Aubrey anavomera misozi ili m'maso. Mmisiri anatchuna, n'kuyesa, n'kutchunanso. Pomaliza galimoto inaonetsa mahatchi 170, ndipo atabwereza kangapo nambala sinasinthe, kugogoda kunatheratu. Anabwezeramo sailensa ndi kusintha sefa ya mpweya imene inali itadzaza fumbi.

Sindikunena kuti banjali linalemera. Anthu anachedwa kuyambanso kuikhulupirira galimoto ija, ndipo masiku ena Aubrey amaswera pamzere wa petulo pamalo omwetsera mafuta, osapata kanthu, chifukwa za m'zigubu analeka. M'misewu ya mabampu galimotoyo imakhulabe mimba pansi. Koma pa zitunda za Chiradzulu sinazimenso, ndipo ulendo wa ku Joni unalephereka. Tsiku la Thandie litakwana, amene anamutengera kuchipatala ndi mwamuna wake. Mwana atalira koyamba, Aubrey anali panja pomwepo, ndipo anamumva ndi makutu ake.

Abale, mphamvu ya galimoto siyezedwa ndi phokoso kapena ndi pakamwa pa wogulitsa. Musaonjezere mphamvu ya injini popanda makina oyezera ndi mmisiri wodziwa ntchito, ndipo petulo muzigula pamalo ovomerezeka. Mphamvu yeniyeni ndi imene galimoto ingapereke tsiku ndi tsiku, pamsewu wanu, injini osaonongeka.